Mpeni wosendera mbatatesi ukutani m'chikwama cha mwana?

Apolisi akapanga chipikisheni pa sukulu kuno ku Johannesburg amakonda kuyala zonse zomwe apeza pa tebulo n'kujambula, kenako zithunzizo zimayenda pa Facebook ndi m'magulupu athu a WhatsApp. Mukadzachionanso chithunzi chotero musathamangire kulemba kuti ana a masiku ano anatha basi, tayang'anitsitsani kaye pa tebulopo. Inde pamakhala ma okapi, mipeni ija yopinda, chamba chokulunga m'timapepala, ma screwdriver onola, masizasi. Koma pakati pa zimenezo mupezapo timipeni ta chigwiriro cha pulasitiki, tofiira kapena takuda, tomwe tonse timagula motchipa kuti tizisendera mbatatesi ndi kudulira anyezi. Mpeni umenewo unachoka m'nyumba mwa munthu m'mamawa, unatuluka pakhomo lomwelo lomwe amayi ake ndi abambo ake anatulukira, ndipo madzulo pophika wina anaufunafuna n'kungoti aa kaya wagwera kuseri kwa firiji, n'kutenga wina, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ndine mayi wa ana awiri, timakhala mbali ya Rosettenville, wamkuluyo ndi mnyamata ali Grade 9 ndiye nkhani iyi imandidya mtima tsiku ndi tsiku. Amene munali kuno mu June 2019 mukukumbuka zomwe zinachitika pa Forest High School ku Turffontein, pompano apa poti munthu umafika wapansi. Mwana wa sukulu anabaya anzake atatu panja pa sukulu, mmodzi anamwalira, awiri anathamangira nawo kuchipatala. A Panyaza Lesufi, omwe nthawi imeneyo amayang'anira zamaphunziro mu Gauteng, anafika, atolankhani anafika, sabata yonse tinkangokamba zomwezo m'ma taxi ndi ku tchalitchi, kenako zii. Chaka cha m'mbuyo mwake, mu September 2018, ku Zeerust m'chigawo cha North West mnyamata wa zaka 17 anabaya mphunzitsi wake mpaka kumupha. Mu February 2023 mwana wa Grade 10 wa pa Geluksdal Secondary ku Brakpan anapitanso ndi mpeni. Izi ndi zomwe zinatuluka pa TV. Zina zimangothera ku kiliniki ndi masitichi pa mkono, mwana n'kunama kunyumba kuti wadzicheka ndi lata podumpha mpanda, ife n'kukhulupirira.

Zikachitika chonchi funso loyamba limakhala lakuti makolo ake anali kuti, ndipo ofunsawo amakhala ali nalo kale yankho mumtima, kuti makolowo ndi zidakwa kapena ndi anthu osasamala. Ndikuuzeni komwe amakhala makolowo poti ndi ife tomwe. 5 koloko m'mamawa tili kale pa mzere wa taxi kupita ku renki ya Bree, kuchoka apo kukwera ina ya ku Randburg, Fourways kapena Sandton, kukasesa nyumba za eni, kukathirira maluwa a eni, kukalera ana a eni. Ena ali m'mashopu ku Fordsburg ndi ku Mayfair komwe ngakhale kuyankha foni sakulola. Sukulu imaweruka cha m'ma 2 koloko masana, ife timafika kunyumba cha m'ma 7 kapena 8 usiku miyendo itatupa, tiphike, tichape mayunifolomu, tiganize za lendi ndi ndalama yotumiza kumudzi poti amayi akudwala komanso feteleza sanagulidwe. Kuchoka 2 koloko kufika 7 koloko mwana ali yekha ndi kiyi pakhosi, ndipo msewu wochoka pa geti la sukulu kufika pakhomo amauyenda yekha. Sitinabwere ku Joni kudzataya ana, tinabwera chifukwa cha ana omwewo, koma maola amenewo alipo ndipo wina wake akutilerera ana m'maola amenewo.

Kumudzi ife tinkapita ku sukulu ndi zitsulo zoopsa kuposa izi. Tsiku la ntchito za manja aliyense ndi khasu lake, chikwakwa, ena chikwanje, lezala yosongolera pensulo inali m'thumba mwa aliyense. Ndewu zinalikonso, tisanamizane, tsiku lotsekera sukulu anthu ankatsekerana ndithu panjira mpaka mano kugwedera. Koma njira yochokera ku sukulu inali ndi maso. Mayi wosinja pa mtondo ankakudziwa kuti ndiwe mwana wa kwa uje, bambo wodutsa pa njinga ankaima n'kulanditsa, ndipo usanafike kunyumba nkhani inali itafika kale. Mwana wa mnzako ngwako yemwe sanali mawu ongokamba pa maliro kapena pa ukwati. Kuno munthu wamkulu akaona ana akulimbana pa kona amawoloka msewu, ndipo sindimuda, akuopa kubayidwa iyeyo, akakhala mlendo ngati ife akuopanso kuti apolisi akabwera ayamba kufunsa pasipoti yake asanafunse za ndewuyo.

Pali mnzanga wina tinachokera boma limodzi, amagwira ntchito ya m'nyumba chakumpoto uku ndipo amagonera konko, amabwera Loweruka masana n'kubwerera Lamulungu madzulo. Amuna ake ndi alonda, ntchito ya usiku, masana amakhala akugona. Mwana wawo wa zaka 14, wofatsa, woti akakumana nawe pa masitepe amakulandira jumbo, anamupeza ndi mpeni m'chikwama ku sukulu. Kalata itabwera mayi ake anandiimbira akulira kuti asisi chonde mundiperekeze, Chingelezi cha mu ofesi chimandisokoneza. Madzulo ake ndinapita kwawo ndinapeza bambo ake atavula kale lamba, mwana ali pakona pa bedi akungoyang'ana pansi. Ndinawapempha kuti alamu, tadikirani kaye, mundibwereke mwanayu pang'ono, lambayo sathawa.

Tinakakhala pa masitepe panja, ndinamugulira kota, buledi woikamo tchipisi, pa sipaza, kagolosale ka m'dera, anadya theka osayankhula kanthu, nanenso sindinamukakamize. Patapita nthawi ndinamufunsa kuti iwe, mpeni uja umafuna ukabaye ndani? Anati palibe anti. Nanga unautengeranji? Anati ndimangofuna auone basi, kuti andisiye. Kenako zinayamba kutuluka pang'onopang'ono, Chichewa chosakaniza ndi Chizulu ndi Chingelezi monga amayankhulira ana obadwira kuno. Pali anyamata akuluakulu amakhala pa kona ina, ena a sukulu yomweyo ena anasiya kalekale, kuyambira temu yoyamba amamulanda R20 yake ya lunch, amamutchula kwerekwere, dzina lonyozera alendo, tsiku lina anamuvula nsapato anafika kunyumba ndi masokosi okha n'kubisa nkhaniyo povala nsapato zakale zothina. Foni ija ananena kuti inagwera mu taxi, imene anakwapulidwa nayo chifukwa chosasamala, anachita kumulanda atamuloza ndi okapi pamimba. Ndinamufunsa kuti bwanji sunawauze amayi ako? Anati amayi amabwera atatopa, komanso akapita ku sukulu akawafunsa mapepala ndiye atigwira tonse. Nanga adadi? Anati ndinawauza kamodzi anandiyankha kuti ndiwe mwamuna iwe, nawenso uli ndi manja, usamabwere kuno ndi misozi.

Taganizirani, mwana wa zaka 14 anakhala pansi n'kuwerengera zonse, kutopa kwa amayi ake, pemiti yawo yomwe inatha, mawu a bambo ake, aphunzitsi omwe ali ndi ana odzadza kalasi, n'kupeza kuti palibe wamkulu aliyense amene angamuthandize popanda zinthu kuipiraipira. Anasankha kuteteza makolo ake pokhala chete ndi kudziteteza yekha ndi mpeni wa mu kitchini. Mantha a mwana ali ngati moto wa pa mulu wa gaga, pamwamba sipaoneka lawi koma pansi pakunyeka, ndiye ife timadzadzidzimuka tsiku lomwe kalata yabwera kapena foni yochokera ku polisi.

Sindikuti anachita bwino ayi, ndipo ndinamuuza pamaso. Wonyamula mpeni kuti angoopseza amaiwala kuti winayo naye ali ndi wake ndipo anauzolowera, kapena amulanda womwewo n'kumubaya nawo. Ndiponso mwana wamantha akagwidwa pakhosi saganiza, amangoponya mkono. Pa ntchafu, pakhosi ndi pachifuwa pamadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi, kampeni kakang'ono komweko kakalowa pamenepo munthu amatha magazi ambulansi isanafike. Tsiku limodzi lomwelo banja lina lili ku mochale lina lili ku selo. Ndipo ife a Malawi tikudziwa tanthauzo la maliro kuno, kuyenda khomo ndi khomo kusonkherana, mapepala a ku ofesi ya kazembe, bokosi pa trailer kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, agogo kumudzi kulandira mdzukulu amene ankangomuonera pa foni.

Tsopano za malamulo, poti ambiri timangomva zamumsewu. Lamulo la sukulu za kuno, South African Schools Act la 1996, lili ndi gawo 8A lomwe limaletsa kulowa pa sukulu ndi chida choopsa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo limapatsa ahedi mphamvu zosecha ana ngati pali chifukwa chomveka chokayikira. Posecha m'thupi ayenera kukhala munthu wamwamuna kwa mnyamata, wamkazi kwa mtsikana, pamalo poduka mphepo komanso pali mboni yachikulire. Mwana akapezeka nacho amaitanidwa ku hearing ya komiti yoyendetsa sukulu, ija amati SGB, ndipo kholo muli ndi ufulu wokhalapo, musalole mwana akalowe yekha. Komitiyo ikhoza kumuimitsa masiku a sukulu osapitirira 7, koma kumuchotseratu sukulu si ahedi kapena komiti amene amagamula, ndi mkulu wa dipatimenti ya zamaphunziro m'chigawo, ndipo mukhoza kupanga apilo kwa nduna ya chigawo. Kunja kwa geti kuli Dangerous Weapons Act ya 2013, munthu wopezeka ndi chida m'njira yokayikitsa kuti akufuna kuchita nacho zoipa akhoza kulipitsidwa kapena kukhala kundende mpaka zaka zitatu. Ana amaweruzidwa ndi Child Justice Act ya 2008, kuyambira 2022 mwana wosakwana zaka 12 sazengedwa mlandu, koma wa zaka 14 kupita m'tsogolo lamulo limamuona ngati wodziwa chomwe akuchita. Pa milandu ing'onoing'ono amatha kumupatutsa kuti asazengedwe mlandu m'khothi, n'kumutumiza ku maphunziro osintha khalidwe monga omwe amapangitsa a NICRO, bungwe lothandiza olakwira malamulo kusintha, koma akafika 18 ndi munthu wamkulu basi ngakhale atavala yunifolomu, ndipo ana athu ambiri omwe anabwerezako makalasi atachoka kumudzi amafika 18 ali Grade 10 kapena 11.

Za mapepala zija, zomwe zimatitsekera pakamwa. Gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira, silinena kuti nzika zokha. Mu December 2019 khothi lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asachotsedwe kapena kukanizidwa sukulu chifukwa alibe mapepala. Ndikudziwa kuti zolembedwa ndi zomwe umakumana nazo pa windo la ofesi nthawi zina zimasiyana, ndikudziwanso mantha omwe tili nawo chifukwa tinaona May 2008 pomwe anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa alendo, tinaona April 2015 zithunzi za Emmanuel Sithole wa ku Mozambique akubayidwa ku Alexandra dzuwa likuswa mtengo, tinaona September 2019 ku Jeppestown ndi ku Malvern mashopu akuyaka. Mantha athu si opeka. Koma ana amatimva tikamanong'onezana kuti kuno sikwathu, wapolisi osamuyandikira, ofesi ya boma osalowamo, ndiye tikuyembekeza kuti akaopsezedwa akadandaule kwa ndani? Tsiku lomwe tinapita ku hearing ya mwana uja palibe amene anafunsa pasipoti ya mayi ake. Anafunsa kuti bwanji simunabwere kale. Achiwiri kwa ahedi, mayi wachikulire ndithu, anati nkhani ya pa kona ija amayimva koyamba. Mwanayo anamuimitsa masiku angapo n'kumulembera kuti azionana ndi mlangizi, anyamata awiri mwa aja omwe anali a sukulu yomweyo makolo awo anaitanidwa. Enawo osiya sukulu mpaka pano timawaonabe pa kona masiku ena.

Tikambeko za lamba. Mu September 2019 khothi lalikulu kwambiri la Constitutional Court linagamula kuti kholo silingadziteteze ponena kuti limangolanga mwana pomumenya, mlandu wake unayambira konkuno ku Johannesburg, bambo atamenya mwana wake wa zaka 13. Ku sukulu chikwapu chinaletsedwa kale mu 1996. Ndimamva anthu ambiri ku tchalitchi akudandaula kuti boma la kuno latilanda ana, ukangomukhudza akuimbira apolisi, n'chifukwa chake akunyamula mipeni. Ine nanenso ndinakula ndi kamtengo ka pichesi ndipo amayi anga ndimawakonda mpaka lero, koma pa nkhani iyi sindikugwirizana nazo. Ana ambiri omwe ndikuwadziwa kuti analowa m'mavuto si oti sanamenyedwepo, ena ndi omwe amamenyedwa kwambiri. Mwana uja akanalandira lamba usiku umene uja bwenzi ataphunzira chinthu chimodzi, kubisa bwino. Mpeni wachiwiri sakanausunga m'chikwama, akanaukwirira pansi pa mpanda kapena kumusungitsa mnzake, ndipo anyamata a pa kona aja akanakhala akumudikirabe m'mawa mwake. Mwana woopa msewu ukamuwonjezera kuopa kunyumba, watsala ndi anzake okha, ndipo magulu a zigawenga amalowera pomwepo, amamuuza kuti yenda nafe palibe akukhudze. Kulanga kulipo, kumulanda foni, kumuletsa kutuluka, kumutenga akapepese pamaso pa anthu, kumugwiritsa ntchito kuti abweze chomwe waononga, koma chilango chibwere mutamva kaye nkhani yonse.

Njira ina yomwe timathamangira ndi basi. Mwana akangovuta, ndimukweza basi apite kwa agogo ake akaone mavuto. Kwa ena zathandizadi, sindikana, makamaka kukakhala amalume olimba oti amuyang'anira ndi sukulu yabwino. Koma ganizirani mwana wobadwira ku South Rand Hospital, Chichewa chake chothyokathyoka, sanagwirepo khasu, mukukamusiya kwa agogo a zaka 70 omwe maso ayamba kuvuta, silabasi ina, anzake akumutchula wa ku Joni n'kumamudyera tindalama tomwe mukutumiza. Iye mumtima amangomva kuti amutaya. Ngati vuto linali loti palibe womumvetsera, mwamuwonjezera mtunda wa masiku awiri pa basi.

Azibambo, ndikupempheni mwaulemu. Ambiri mumayenda ndi okapi m'thumba, mumati ndi ya ku ntchito, yodulira zingwe ndi mapaipi a m'munda, komanso poti mumaweruka usiku. Mpeni umenewu uli ndi mbiri yake, unayamba kupangidwa ku Germany mu 1902, pano umapangidwa konkuno ku South Africa, ndi wotchipa ndipo m'makomboni umadziwika ngati mpeni wa tsotsi. Mwana wanu amakuonani mukuutulutsa m'thumba madzulo n'kuuika pa tebulo limodzi ndi makiyi ndi foni, ndipo m'mutu mwake zimalowa kuti mwamuna akamatuluka panja amatenga zinthu zitatu zimenezi. Akakumvaninso Loweruka mutamwako mukusimba momwe munamuonetsera wina wake ku shabini, anzanu akuseka, mwamaliza kumuphunzitsa. Nanga mawu aja akuti mwamuna salira, akakumenya um'bwezere, kumudzi ankatanthauza zibakera ndi mwana wa msinkhu wako pa bwalo la mpira. Kuno mukumutuma akalimbane ndi anyamata a zaka 19 osuta nyaope, mankhwala ozunguza bongo aja, omwe sawerengera moyo wa munthu. Ndipo m'nyumba momwe bambo amaopseza mayi ndi botolo kapena mpeni, chipinda chimodzi chotchinga ndi katani, mwana samagona ngakhale watseka maso. Ife azimayi nafenso tili ndi athu mawu, ndikupha iwe, ndikudula makutu, timangoyankhula inde koma amalowa.

Pali mbali ina yowawa yomwe sitifuna kuyikamba pagulu. Si ana athu onse omwe ali olandidwa, ena ndi amene akulanda anzawo. Anyamata a pa kona aja nawo ali ndi amayi awo, ndipo sizingatheke kuti onse akhale ana a eni dziko. Mwana akubwera ndi foni yoti simunamugulire, nsapato za R2,000 inu malipiro anu mukuwadziwa, akuti wandibwereka mnzanga, inu n'kungoti chabwino poti mwatopa kapena poti wakugulirani buledi ndi magetsi. Aneba akabwera kudzakuuzani kuti mwana wanu tamuona ndi gulu lakuti, mumayamba ndewu, mwana wanga sangapange zimenezo, ndi nsanje chabe, anthu a ku Malawi sitifunirana zabwino. Ndiye mawa ndani adzabwerenso kudzakuuzani? Ine ndinawauza azimayi a pa flat pathu kuti mukamuona wanga pamalo polakwika ndiimbireni nthawi yomweyo ngakhale ndili ku ntchito, ndidzakuthokozani ngakhale zitapezeka kuti munaona molakwa. Ndipo mwana wanga akudziwa kuti ndinawauza choncho.

Sindikuchotsera boma ndi masukulu udindo wawo. Pepala la chitetezo m'masukulu lilipo, National School Safety Framework ya 2015, mgwirizano wa unduna wa zamaphunziro ndi apolisi woti sukulu iliyonse ilumikizidwe ndi polisi ya m'dera ulipo, alonda a pa geti m'masukulu ambiri a Gauteng alipo. Koma makalasi ndi odzadza, alangizi ndi ochepa, ndipo chipikisheni chimagwira mpeni osagwira chomwe chinapangitsa mwana kuutenga. Makina osechera pa geti sangaperekeze mwana mpaka kunyumba. Chomwe chimandiwawa n'choti pa miting'i ya makolo pomwe zinthu izi zimakambidwa ife timasowa, kapena timakhala kumbuyo kwenikweni osatsegula pakamwa, pomwe ana athu ndi ochuluka ndithu m'masukulu a mbali ino. Mu SGB makolo ndi amene amayenera kukhala ambiri kuposa ena onse, amasankhidwa zaka zitatu zilizonse, zisankho zapitazi zinali mu 2024. Chingelezi chikavuta tengani mnzanu, monga anachitira mnzanga uja, aphunzitsi ambiri amasangalala kungoona kuti kholo labwera.

Kunyumba kwanga chikwama ndimachiona, koma osati mozemba iye ali kubafa. Lamulungu madzulo timakhutula limodzi pa bedi, timachotsa mapepala a maswiti ndi makalata a ku sukulu omwe anaiwala kundipatsa, ndipo ndinamuuza chifukwa chake, kuti pali ana ena amasungitsa zinthu zawo m'zikwama za anzawo ofatsa tsiku la chipikisheni. Amanyinyirika inde, Grade 9 ndi msinkhu wovuta, koma anazolowera. Mipeni ya mu kabati mwanga ndimayidziwa yonse, umodzi ukasowa sindigona ndisanaupeze. Koma kusecha ndi kachinthu kakang'ono, chachikulu ndi mafunso. Ukamufunsa kuti ku sukulu kunali bwanji yankho ndi bho basi, chaka chonse. Ndiye ndimafunsa zina, lero wadzera msewu uti pobwera, bwanji wasiya kudzera wa pa sipaza uja, ndalama ya lunch wagula chani, pa buleki umakhala ndi ndani, m'kalasi mwanu amene amaopedwa ndi aliyense ndani. Funso lomalizali limatsegula zambiri chifukwa sakukamba za iye mwini. Ndimamuimbira cha m'ma 3 koloko ndili ku ntchito ngakhale kwa miniti imodzi, mawu a mwana amene wangofika bwinobwino ndi a mwana amene wathamanga amasiyana. Mwana akamabwera ndi njala ya mtima bii pomwe munamupatsa ndalama, akamadwala m'mimba Lolemba lililonse, zinthu zake zikamangotayika, akamapempha kuti mumusinthe sukulu popanda chifukwa chomveka, pali nkhani. Atsikananso musawaiwale, ena amanyamula lezala kapena sizasi chifukwa cha azibambo omwe amawatsatira panjira ndi pa renki, ndipo amachita manyazi kunena. Ana anga onse awiri ndinawasungira nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana pa foni, 116, ndi yaulere, ndinawauza kuti ngati pali chinthu chokanika kundiuza ine akauze kumeneko kapena anti awo, sindikwiya.

Ndinamulonjezanso mnyamata wanga chinthu chimodzi, kuti tsiku lomwe adzandiuze kuti wina akumuopseza, sindidzamufunsa kuti nawe unatani, sindidzathamangira ku geti kukakalipa pamaso pa anzake kuti mawa adzamuseke, tidzakhala pansi n'kugwirizana chochita, ndipo ndidzapempha ofu ngakhale madamu adule tsikulo pa malipiro. Foni akafuna kukulanda apatse, nsapato apatse, ndidzagula zina pa ngongole.

Nkhani ya mwana wa mnzanga ija itatha tinakumana makolo angapo a m'ma flat oyandikana tikuchokera ku mapemphero, a tchalitchi ndi a ku mzikiti omwe, tinaitananso mayi wina wa ku Zimbabwe ndi bambo wina wa konkuno poti ana athu amayenda msewu umodzi. Tinagwirizana kuti ana azidikirana pa geti n'kuyenda gulu, ndipo munthu wamkulu mmodzi aziima chapafupi ndi kona ija nthawi yoweruka, osalimbana ndi aliyense, osanyamula kanthu, kungoima poonekera n'kupereka moni kwa ana, akaona zachilendo aimbire apolisi kapena a CPF, anthu a m'dera othandizana ndi apolisi. Bambo a mwana uja ndi amene anayamba kudzipereka, amadzuka 1 koloko masana tulo tisanathe n'kukaima pamenepo ndi jekete yawo ya ku ntchito, kenako n'kubwerera kukakonzeka za usiku. Mwana wawo poyamba ankachita manyazi, pano amayenda nawo limodzi akucheza za mpira. Amayi ena ogulitsa tomato ndi masamba anasuntha tebulo lawo kuti liyang'ane mbali imeneyo. Sizikuyenda bwino masiku onse, bambo wina amene ankaima kumapeto kwa sabata anapeza ntchito ku Midrand anasamuka, ndiye Lachinayi ndi Lachisanu mpaka pano palibe munthu. Ngati mumakhala mbali ino ndipo mumagwira usiku kapena muli pa ofu masiku amenewo, tikufuna munthu woti aziima kuyambira 2 koloko mpaka hafu 3.